Dambo limayamba kufera kumtunda

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Taonani mabotolo awiri ndanyamulawa. Ili ndatunga pamene mtsinje ukulowa m'dambo, linali ndatunga pamene madzi omwewo akutulukira m'mabango kupita m'nyanja. Loyambali ndi lofiira, ndipo pamene timapemphera paja matope akhazikika kale pansi pake. Lachiwirili mukutha kuona zala zanga kuseri kwake. Palibe wathiramo mankhwala, ntchitoyi agwira ndi mabango ndi gumbwa.

Madzi akalowa m'mabango amachepa liwiro. Dothi limene anyamula limatsalira pansi, ndipo mizu imayamwa nayitrojeni ndi fosifolasi, michere ya mu feteleza imene mvula yakokolola m'minda. Dambo limasunganso madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, n'chifukwa chake zitsime za m'mphepete mwake siziphwa msanga. Tiana ta nsomba nato timakulira momwemo, mobisala ku nsomba zikuluzikulu.

Tsono sefa nayo imatopa. Mitengo ikatha m'phiri, anthu n'kulima mpaka m'gombe la mtsinje, dothi limabwera lochuluka kuposa limene dambo lingalandire. Dambo limakwiririka n'kuyamba kuuma. Wina akaona pouma paja amati nali dimba, amatentha mabango n'kukumba ngalande. Sindikumunyoza ayi, ana ake afunika kudya. Koma ngalande ija imathamangitsa madzi kukawataya m'nyanja osasefedwa, ndipo michere ija imakanenepetsa ndere ndi namasupuni. Ndere zikafa n'kuyamba kuwola zimamaliza mpweya wa m'madzi, m'mawa mumangopeza nsomba zili mimba m'mwamba. Pa nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1990 namasupuni anatseka doko la Kisumu ku Kenya mpaka mabwato kulephera kutuluka.

Kwinanso nyanja imaphedwa ndi ludzu. Nyanja ya Aral, ya ku Asia, inali yachinayi kukula pa nyanja zonse zozunguliridwa ndi mtunda padziko lonse. Kuyambira m'ma 1960 boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya kuti izithirira thonje. Madambo a kumatsiriro kwa mitsinjeyo anauma, ndipo lero ku Moynaq, tauni ya ku Uzbekistan imene inali doko la nyanjayo, sitima za asodzi zili pamchenga, zikudyeka ndi dzimbiri.

Mayiko anagwirizana zoteteza madambo mu 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran, komabe lipoti la bungwe la panganolo la mu 2018 linati pakati pa 1970 ndi 2015 madambo a padziko anachepa ndi magawo 35 pa 100 alionse.

Ine ndikafunsidwa poyambira, ndimaloza munda wa pamtsetse uja, kutali ndi nyanja: mizere yopingasa, udzu wa vetiva, ndi kamzere ka mitengo kosiyidwa m'mbali mwa mtsinje. Achimwene, talandirani mabotolowa muwayendetse kumbuyoko, koma lofiiralo musaligwedeze, anthu aone matope ali pansiwo.