Usanaponye machera m'nyanja ya Chiuta, tamvera izi

Eya mphwanga, ndine malume ako. Amayi ako andiuza kuti bwato lija wagula, ndipo sabata yamawa ukufuna kuyamba kulowa m'nyanja. Ndakondwera kwambiri. Koma ndati ndikujambulire mawu ano, chifukwa tikamaimbirana timangothamangitsana ndi mayunitsi. Uwamvere kawiri, ndipo usawafufute.

Uyambe wadziwa nyanja imene ukulowayo. Chiuta si nyanja yathu tokha ayi. Tsidya lino ndi boma la Machinga, tsidya linalo ndi Mecanhelas, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo malire anadutsa m'madzi momwemo. Mulibe chipilala, mulibe chingwe. Ukhoza kupalasa m'mawa uli ku Malawi, pofika dzuwa pamutu n'kukhala uli m'dziko la eni osadziwa n'komwe. Madzi akachuluka amatsikira kumpoto kukalowa m'nyanja ya Amaramba, yomwe ili ku Mozambique, kuchoka apo atenga mtsinje wa Lugenda, kenako Ruvuma, mpaka kunyanja yamchere. N'chifukwa chake madzi athu alibe mchere ngati a ku Chilwa, komwe kulibe potulukira. Ndiye uone, nsomba imene waisiya lero yaing'ono ikhoza kukakulira kwa anzathu, ndipo yomwe iwo aisiya idzagwa m'machera ako. Mphika ndi umodzi.

Tsono usanakankhe bwato, pita kukomiti ya pagombe, ija timati BVC. Ukadzionetse, akakulembe, ukaonetse zida zako zonse, ndipo akulozere kokadula laisensi ya a Fisheries. Usanene kuti amandidziwa kale, ndinabadwira konkuno. Kukudziwa ngati mwana wa uje ndi kwina, kukudziwa ngati msodzi ndi kwinanso. Tsiku limene udzapeze vuto pamadzi, amene adzakuyankhulire ndi komitiyo. Laisensiyo pamodzi ndi chiphaso chako cha unzika uzikulunge m'pulasitiki, uziyenda nazo nthawi zonse.

Sabata yoyamba usapite wekha. Pempha mmodzi wa madoda a padoko akwere nawe, akusonyeze zizindikiro zimene ife timayendera: chilumba chikakhala mbali iyi, phiri likaoneka chonchi, ndiye kuti wayandikira madzi a eni. Zimenezi sindingakuphunzitse pafoni, zimafuna maso.

Apa ndiye umvetsetse, chifukwa ine zinandionekera. Chaka china ndinatsatira nsomba za makumba, ndinatchera usiku kutali ndi kwathu. Mmawa ndikukavuula, ndinapeza anthu akundidikira, machera anga ali m'bwato mwawo. Anati ndatchera m'madzi awo osapempha. Ndinalibe pepala lililonse m'thumba, ndipo machera aja sindinawaonenso. Chaka chimenecho ana anga anavutika. Ndiye ngati ukufuna kukasodza mbali inayo, usalowe ngati mbala. Uyambe wakafika pagombe lawo masana, upereke moni kwa amfumu ndi akuluakulu a padokopo, ufunse malamulo awo, chifukwa laisensi ya kuno sigwira ntchito kumeneko. Chiyankhulo sichivuta, ambiri ndi abale athu omwe, Chiyao akumva, Chilomwe akumva, Chichewa akumva. Akakuimitsa pamadzi, ika nkhafi pansi, yankha mofatsa, usathawe, usakweze mawu. Ukabwerako ukanene kukomiti, akuluakulu akakambirane okhaokha. Ndipo ukakhala ndi ulendo wa pamtunda wokagula kapena kugulitsa katundu, dzera pachipata cha Nayuchi, utenge chiphaso chowolokera, utulukire pa Entre Lagos. Kumeneko ndalama ndi metikali, choncho mugwirizane mtengo wosinthira nsomba zisanatsike m'dengu.

Tibwere ku zida. Machera, mono ndi mbedza, basi. Khoka la nkacha usayerekeze, ngakhale wina atakuuza kuti tigawana pakati. Iwe unali usanabadwe, koma ife tinaona. Kunabwera asodzi a nkacha ochokera ku Chilwa ndi ku Malombe, makoka a maso ang'onoang'ono, okokolola chilichonse. Chiuta ndi nyanja yosaya, khoka likamakokedwa limakwekwereza pansi, limazula udzu momwe nsomba zimabisala, limafafaniza zisa za makumba, madzi n'kusanduka matope moti amayi ankasowa potunga. Ife a mono tinkavuula mono wopanda kanthu. Mu 1995, chaka chomwe Chilwa inaphwa, anthu a kuno anadzuka okha n'kuwathamangitsa a nkacha aja, n'kukhazikitsa makomiti a pagombe. Sanachite kutumidwa ndi boma. Lamulo la usodzi la 1997 linapeza ife titayamba kale kudzilondera nyanja. Ndiye mdzukulu wa anthu amenewo akapezeke ndi nkacha? Ungandichititse manyazi kwambiri.

Chimodzimodzi neti ya udzudzu. Imeneyo ndi yogonamo ana kuti asadwale malungo. Ukaiviika m'madzi imatenga ndi tiana tomwe ta nsomba, tosaoneka n'komwe m'mbale. Pogula machera, uwatengere kukomiti akaone kukula kwa maso ake usanawamangirire zoyandamitsa ndi miyala. Kakumba kakang'ono kakakodwa kali moyo, kabwezere. Nyengo ya mvula, nsomba zikamalowa m'madambo ndi m'mitsinje kukaswana, usatseke mtsinje wonse ndi mono, siya mpata. Mlamba wa mazira umene ukukwera mtsinje ndi nsomba zako za chaka chamawa. Masiku otsekera usodzi akalengezedwa, pachika zida, kagwire khasu kumunda wa mpunga.

Za mphepo mwachidule: mwera ukayamba, makamaka Juni ndi Julaye, kusaya kwa nyanja kusakupusitse, mafunde ake ndi afupiafupi ndipo bwato la mtengo limadzaza msanga. Lawira m'mamawa, bwerera mphepo isanakule. M'bwato musasowe chokapira madzi ndi nkhafi yapadera, ndipo mowa usakwere nawo. M'mabango usatsike mwachisawawa, ng'ona siichenjeza.

Madzi akumwa nyamula a pamjigo m'chigubu. Akakuthera, a m'nyanja uwathire kulorini kapena uwawiritse. Kolera yatitengera anyamata amphamvu m'magombe muno, ena chifukwa chongomwa madzi omwe akusodzamo. Ukayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, usadikire kuti kuche, imwa thanzi ORS uku akukutengera kuchipatala. Ukaona magazi m'mikodzo, ameneyo ndi likodzo, mankhwala ake alipo, usachite manyazi.

Nsomba ukafika nazo kumtunda, matemba uyanike pathandala, osati pamchenga. A mchenga ogula a ku Ntaja ndi ku Liwonde amawadziwa ndi dzino limodzi, ndipo mtengo amaugwetsa pomwepo. Milamba uitumbule msanga, uitsuke, uiwambe tsiku lomwelo ndi moto wofatsa kuti iume mpaka mkati. Usathire mankhwala a m'munda pa nsomba zouma pofuna kuthamangitsa tizilombo, anthu amadya zimenezo, ndi ana ako omwe. Ndipo pa ndalama ya tsiku lililonse uzipatula kangachepe ka ulusi wosokera machera ndi phula la bwato.

Batire yatsala pang'ono. Loweruka ndibwera padoko ndi singano yanga yosokera, tidzaone limodzi machera akowo, ndipo bwatolo ulisiye m'madzi usiku wa Lachisanu kuti tidzaone ngati likuchucha. Upereke moni kwa amayi ako ndi apongozi.