BP yosakhazikika mwa amene anawotchedwa khansa ya pakhosi

Amayi ndi abambo, nonse mwamva za bambo aja anagwa pamsika sabata yatha. Ena mwati ndi njala, ena mwayamba kale kulozana zala. Ayi. Bambo aja zaka zapitazo anawotchedwa khansa ya pakhosi ndi makina, chithandizo chija madokotala amati radiotherapy, ndipo n'chimene chinasokoneza BP yawo mpaka kugwa.

Tagwirani apa, m'mbali mwa khosi, pansi pa chibwano. Osafinya! Mukumva kugunda? Umenewo ndi mtsempha wopititsa magazi ku ubongo. Pamene umagawikana pawiri pali timinyewa timene timamva BP ikakwera kapena ikatsika, n'kuuza ubongo kuti ukonze. Powotcha khansa, malo amenewa amatha kuuma, timinyewa tija n'kusiya kumva. Ndiye munthu angokwiya pang'ono, BP kupitirira 200, mutu waukulu, thukuta kamukamu. Adzuke msanga pampando, kapena akhute nsima, BP pansi, chizungulire, mdima m'maso, wagwa. Zimatha kuyamba patapita miyezi, ngakhale zaka. N'chifukwa chake ndikuti, uzani adokotala kuti munawotchedwa pakhosi, ngakhale ndi kalekale.

Komanso khalidwe lanu lija lobwerekana mapiritsi a BP ngati mchere. Ndinapeza gogo wina ku Chibavi akumwa a mlamu wake. Kwa munthu amene anawotchedwa pakhosi, mapiritsi a wina angamugwetse pamoto.

(Mayi wina: Ndiye si bwino kungokana kuwotchedwako?)

Ayi mayi, chonde. Khansa ya pakhosi ikasiyidwa imatseka njira ya chakudya ndi mpweya, imapha. Si onse owotchedwa amene amapezeka ndi vutoli, ndipo likabwera madokotala ali ndi njira zolichepetsera. Abale athu ankavutikira chithandizo chimenechi mpaka ku Lusaka, Dar es Salaam ndi India. Mwayi ukapezeka, pitani. Chofunika n'chakuti mukabwerako musataye mapepala, ndipo kulikonse mukapite, kaya ku Mzuzu Central kaya pa chipatala chaching'ono, uzani adokotala kuti munawotchedwa pakhosi.

Ndaona ena mukuyang'ana mitambo, ndifulumire. Podzuka yambani mwakhala kaye pabedi. Imwani madzi okwanira, idyani chakudya chochepa kangapo patsiku, mowa ayi. Yezetsani BP mutagona komanso mutaimirira, ndipo zilembedwe m'kabuku kanu kakuchipatala. Wina akakomoka, mugonekeni, mukweze miyendo. Pakamwa pakapotoka kapena mkono ukafooka, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala.