Mawu amene ndinawamva katatu ku Birmingham

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi kapena kuno kunja. Lero ndikamba za mawu a Chingerezi amene anandizunguza mutu m'chaka changa choyamba ku Birmingham, mzinda wa ku England, ndipo mundikhululukire chifukwa ndiwatchula, popeza munthu sungachenjeze mnzako za njoka osamuuza mtundu wake. Mawuwa ndi "faggot", omwe ena amawadula n'kungoti "fag".

Ndinayamba kuwamva kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Nthawi yopuma ikakwana, mayi wina ankati akupita panja kukasuta "fag", ndipo ndinazindikira msanga kuti kuno mawuwa amatanthauza ndudu ya fodya. Patapita masabata, ndinawaonanso pandandanda wa chakudya chamasana. "Faggots" ndi nyama ya nkhumba yogaya pamodzi ndi chiwindi ndi mtima, youmbidwa ngati timipira, yomwe amadyera msuzi ndi nsawawa. N'chakudya chakale cha anthu ogwira ntchito zolemetsa m'chigawo cha West Midlands ndi ku Wales, ndipo agogo amene timawasamalira amachikonda koopsa. Kufika pamenepo, ine ndinkaona ngati ndi mawu osalakwa.

Kachitatu ndinawamva m'basi usiku, ndikuweruka. Anyamata atatu anawakuwira amuna awiri amene anakhala mogwirana manja, ndipo m'basi monse munangoti zii. Mmodzi wa amunawo anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono n'kuyang'ana pawindo mpaka pamene anatsika. Panalibe amene anandimasulira, koma nkhope yakeyo inandiuza kuti uku kunali kutukwana kofuna kumuchotsa munthu umunthu chifukwa chakuti amakondana ndi mwamuna mnzake.

Nditafufuza, ndinapeza kuti mawuwa anachokera ku Chifalansa, ndipo poyamba ankatanthauza mtolo wa nkhuni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 anayamba kunyozera amayi okalamba, ndipo tanthauzo lonyoza amuna okondana ndi amuna anzawo linalembedwa koyamba ku America mu 1914. Mudzamva ena akunena kuti linabadwa chifukwa anthu otere ankawotchedwa pa nkhuni, koma akatswiri a mbiri ya mawu amaikana nkhani imeneyo. Chifukwa cha tanthauzo lonyozali, munthu wa ku America amadzidzimuka akamva Mngelezi akupempha "fag".

Kwa ife obwera, vuto n'lakuti timatola mawu m'kamwa mwa anzathu pantchito tisanadziwe kulemera kwake. Lamulo la Equality Act la mu 2010 limaletsa kuzunza munthu pantchito chifukwa cha amene amakondana naye, ndipo mawu amenewa akhoza kukuchotsetsani ntchito ngakhale mutanena kuti mumangocheza, zomwe kwa munthu amene viza yake yamangirira pa ntchitoyo ndi nkhani yaikulu. Amuna ena otere amatchulana mawuwa okhaokha pocheza, koma zimenezo sizipatsa ine kapena inu chilolezo, monga momwe chibale cha chisuweni sichilowa wodutsa m'njira.

Kuyambira usiku wa m'basi uja, ndudu ndimaitchula ndi dzina lake lonse la Chingerezi. Malo okhawo amene mawuwa amatulukabe m'kamwa mwanga ndi pamene ndikuwerengera agogo ena a zaka 91 ndandanda wa chakudya, ndipo iwo amangondikumbutsa kuti ndiwathirire msuzi wambiri.