Akauntanti wa ku Sandton ndi mnyamata wogona pa Joubert Park: chimawalumikiza n'chiyani?

CHITHUNZI: M'mamawa wa mwezi wa July. Makatoni pakhonde la sitolo, anyamata atatu akuwotha moto wa m'chitini.

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli ku Rosettenville, ku Yeoville, ku Mayfair kapena kumudzi. Amene munadutsapo pa Joubert Park m'mamawa nthawi yozizira mukudziwa kuti chisanu cha Johannesburg chimalowa mpaka m'mafupa. Anyamata awa agona pa katoni. Dzuwa likatuluka, wina apita pa maloboti kukapukuta magalasi a galimoto, wina akanyamula katundu pa Park Station, wina akoka thumba la mabotolo kupita nalo kosikelo.

Kumpoto kwa mzinda womwewu, ku Sandton, kuli akauntanti amene mwezi ndi mwezi banki imamudula R500 kupita ku bungwe lophunzitsa anyamata oterewa geni. Loweruka lina amavula tayi n'kukakhala nawo pansi, kope ndi cholembera m'manja. Maloya, mainjiniya ndi ogwira ntchito m'mabanki ambiri amachita chimodzimodzi. Bwanji osangogula mabulangete ndi buledi n'kuthana nazo? Tiyambe ndi chifukwa chimene ambiri amachita nacho manyazi kuchitchula.

PA SIKIRINI: Gawo 18A la lamulo la msonkho

Msonkho. Lamulo la msonkho la dziko lino, gawo 18A, limalola kuti ndalama imene mwapereka ku bungwe lovomerezeka ndi SARS, nthambi ya boma yotolera msonkho, ichotsedwe pa ndalama zimene amakuwerengerani msonkho, mpaka 10 peresenti ya ndalamazo pa chaka. Yopitirira pamenepo siyitayika, imakalowa chaka chotsatira. Tiyerekeze munthu amene ndalama zake zodulidwa msonkho ndi R600,000 pa chaka. Randi yake yapamwamba imadulidwa 36 peresenti. Akapereka R10,000, msonkho wake umatsika ndi R3,600. Bungwe lalandira R10,000 yathunthu, koma m'thumba mwa mwiniwake mwatuluka R6,400 yokha. Akauntanti masamu awa amawawerengera ali m'tulo.

Chenjerani apa. Maola amene mwadzipereka kukaphunzitsa salowa mu 18A. Chimalowa ndi ndalama kapena katundu, ndipo pamafunika lisiti lenileni la 18A lokhala ndi nambala ya bungwelo ya ku SARS.

Kwa makampani nkhani yaikulu ndi mapointi a B-BBEE, ndondomeko ya boma yopatsa makampani mapointi akamatukula anthu akuda pa zachuma. Pa khadi la mapointi la makampani akuluakulu, kupereka 1 peresenti ya phindu lotsala msonkho utachoka ku chitukuko cha anthu kumabweretsa mapointi 5. Kampani yotsala ndi R20 miliyoni ikufunika kutulutsa R200,000. Malamulowo amakonda thandizo lolowetsa munthu m'chuma, loti mawa azidzipezera yekha, ndipo maphunziro a bizinesi amakwanira bwino pamenepo. Bwana woyang'anira za mapointi akafika pamsonkhano wa pachaka amafuna kunena kuti tinaphunzitsa achinyamata 40, ndipo 15 akugulitsabe. Mbale za supu zimawerengeka, koma sizimveka chonchi pamaso pa eni kampani.

Ndiye pali msampha umene ukutikhudza ife Amalawi mwachindunji. M'malamulo a B-BBEE, mawu oti "anthu akuda" amatanthauza anthu akuda, makaladi ndi amwenye amene ndi nzika za South Africa, zobadwira m'banja la kuno, kapena zimene zinalandira unzika pasanafike pa 27 April 1994, kuphatikizapo zimene zikanaulandira nthawi imeneyo malamulo a tsankho akanapanda kuziletsa. Kuti kampani iwerengeredwe ndalama yake yonse, 75 peresenti ya thandizolo iyenera kupita kwa anthu otere. Mnyamata wa ku Mangochi amene ganyu inamuthera, lendi n'kumukanika, n'kupezeka akugona pansi pa mlatho, pa khadi la mapointi limeneli kulibe. Bungwe limene limadalira ndalama za makampani limawerenga ma ID lisanalembe mayina. Sikuti ogwira ntchito kumeneko ndi ouma mtima. Akungoteteza mpopi umene umawamwetsa. Ndipo achinyamata athu amene atsala pang'ono kugwera mumsewu ndi ambiri: moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pa 31 August 2023, unapha anthu 76, pakati pawo Amalawi, ndipo unaonetsa dziko mmene anthu amakhalira m'nyumba zolandidwa za m'tauni muno. Gawo 18A lilibe lamulo la unzika loterolo. N'chifukwa chake R300 ya nesi kapena mphunzitsi wa Chimalawi imafika pamene R200,000 ya kampani singafike.

CHITHUNZI: Pa renki ya mateksi ya Bree. Mnyamata akugulitsa maswiti ndi ndudu imodziimodzi.

Msonkho paokha sukanadzutsa munthu Loweruka m'mawa. Chifukwa china n'chakuti anthu amenewa ndiwo amalemba anzawo ntchito, ndipo amadziwa kuti ntchito kulibe. Ziwerengero za zaka zaposachedwapa za Stats SA, nthambi ya boma yoona za kalembera, zikuonetsa kuti mwa achinyamata 10 a zaka 15 mpaka 24 amene akufuna ntchito, pafupifupi 6 alibe. Munthu amene patebulo pake pamaunjikana makalata a ana a matiriki ndi a madigiri sanganamize mnyamata wopanda adiresi, wopanda ID, wosiyira sukulu giredi 6, kuti lemba CV udikire foni. Njira yotsala ndi geni.

Komanso mnyamata wa mumsewu ndi wageni kale. Amadziwa roboti imene imachedwa kusintha, tsiku limene anthu alandira, nkhope ya munthu amene agule. Chimene alibe ndi chimene akauntanti ali nacho chochuluka mpaka kutayikira: kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Bungwe la ku Canada la Street Kids International, limene linayamba mu 1988, linapanga maphunziro ake a bizinesi ya mumsewu pa mfundo yomweyi, yoti uyambire pa zimene mwanayo akuchita kale.

PA SIKIRINI: Bokosi la nthochi

Tione phunziro loyamba mmene limayendera. Mitengoyi ndi yongoyerekeza. Mnyamata waoda bokosi la nthochi ku msika wa City Deep pa R180. Teksi kupita ndi kubwera, R40. Majumbo, R10. Zonse pamodzi R230. M'bokosi muli nthochi 90, akugulitsa R3 imodzi. Nthochi 10 zaphwanyika m'teksi kapena zada ndi dzuwa. Wagulitsa 80, m'thumba muli R240.

Mukamufunsa kuti lero wapanga zingati, ayankha monyadira kuti R240. Zoona zake wapanga R10. Akagula chakudya cha R25 pa ndalama yomweyo, mawa watsala ndi R215, yosakwana bokosi ndi teksi. Pakutha sabata geni yafa, ndipo iye akuti wina wamulodza kapena malo ake ndi atsoka. Palibe wamulodza. Mpamba unapita m'mimba pang'onopang'ono.

Mphunzitsi wodziwa sabweretsa mawu akuluakulu a ku yunivesite. Amabweretsa timatumba titatu kapena maenvelopu atatu: la mpamba, la chakudya, la kusunga. Ndalama ya mpamba imabwerera m'thumba lake dzuwa lisanalowe, mnyamata asanagule kalikonse. Kenako amawerengera limodzi njira zokulitsira R10 ija. Anyamata anayi akatuma mmodzi ku msika, teksi imagwera R10 aliyense. Nthochi zoyamba kuda zimatsitsidwa mtengo masana, zisanafike potayidwa. Katundu wosaola, monga masokosi, zipewa za chisanu kapena machaja a foni, amapirira zolakwa za munthu woyamba kumene kuposa zipatso. Ambiri mwa ophunzirawa kuwerenga kumawavuta, ndiye kaundula amakhala wa timizere ndi zithunzi. Phunziro limatenga ola limodzi kapena awiri, chifukwa tsiku limene mnyamata wakhala m'kalasi ndi tsiku limene sanapeze ya buledi. Bungwe lanzeru limaphika kaye.

CHITHUNZI: Usiku. Mnyamata wagona atatsamira chikwama.

Tsopano zimene zimaphwanya geni ngakhale masamu atakhoza. Choyamba ndi usiku. Munthu wogona panja alibe chitseko. Katundu amatsamira, ndalama amaika m'sokosi, ndipo anzake onse akudziwa pamene zili. Kafukufuku wina wodziwika anachitika ku Monrovia, m'dziko la Liberia, pa anyamata 999 a moyo wa mumsewu, ambiri a iwo okhudzidwa ndi umbava ndi mankhwala ozunguza bongo. Ena anapatsidwa madola 200, ena uphungu wa masabata 8 wowaphunzitsa kudziletsa, kuugwira mtima ndi kukonzekera za mawa, ena zonse ziwiri. Olandira ndalama sanaimwere monga ambiri ankaopera, ndipo ochuluka anayamba timageni. Koma pakutha chaka phindu lija linali litazilala, ndipo kuberedwa kunali pakati pa zifukwa zikuluzikulu. Amene anasintha mokhalitsa ndi amene analandira uphungu kenako ndalama: patatha zaka 10, umbava ndi chiwawa pakati pawo zinali zotsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi amene sanalandire kanthu.

Munthu wozolowera kuwerenga malipoti akamva zimenezi amayamba kufunsa za loko. Kodi bungwe lili ndi malokala osungiramo katundu usiku? Kodi mnyamata angasungitse ndalama kwa wogwira ntchito n'kulemberana, poti wopanda ID akaunti ya ku banki satsegula? Lokala ya chitsulo pa chithunzi siikongola ngati mwambo wopereka masatifiketi, koma ndi imene imasunga mpamba.

Chachiwiri ndi mankhwala ozunguza bongo, monga nyaope ndi guluu wonunkhiza. Mnyamata amene thupi likumupempha m'mawa uliwonse, mukamupatsa R500 ya mpamba mwaipereka kwa wogulitsa mankhwala. N'chifukwa chake mabungwe odziwa amayamba ndi malo osambira, chakudya, chipatala ndi uphungu, geni n'kubwera pambuyo. Mpamba woyamba amaupereka ngati katundu, wochepa, ndipo wina amawonjezera akaona kaundula wa masabata awiri kapena atatu. Ngongole ya chiwongola dzanja kwa munthu wogona panja ndi katapila wovala suti basi.

Chachitatu ndi a JMPD, apolisi a khonsolo ya mzinda wa Johannesburg. Kugulitsa m'misewu ya Johannesburg kumafuna chilolezo ndi malo ovomerezeka, ndipo katundu wa wopanda chilolezo amalandidwa. Kukamuombola nthawi zambiri kumadula kuposa katunduyo, ndiye mnyamata amangomusiya. Mu 2013 khonsolo inasesa mavenda masauzande m'kati mwa tauni pa chimene inachitcha Operation Clean Sweep, ndipo zinatengera Khoti la Malamulo Aakulu mu December chaka chomwecho kuti abwerere m'malo awo. Apa ndi pamene loya wodzipereka amaposa mphunzitsi wa masamu. Amathandiza kulemba mafomu, amauza mnyamata kuti akamulanda katundu apemphe lisiti, amatsatira nkhani ya satifiketi yobadwira ku Home Affairs. Wofuna kugulitsa zakudya zophika akufunikanso satifiketi ya a zaumoyo, ndipo chichitikireni imfa za ana odya zogula m'mashopu a spaza mu 2024, boma linakhwimitsa kalembera wa malo ogulitsa zakudya.

PA SIKIRINI: Zaka 15. Zaka 18.

Mawu oti "achinyamata" asatisokoneze. Lamulo la ntchito la kuno limaletsa kugwiritsa ntchito mwana wosakwana zaka 15, ndipo lamulo la ana la 2005 limati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wa zaka 12 wopezeka pa roboti malo ake ndi kwa wazachisamaliro cha anthu, kumalo osungirako ana, kusukulu, ndipo ngati n'kotheka kwa abale ake. Imeneyi ndi ntchito imene malo ngati Kids Haven ku Benoni akhala akugwira kwa zaka zambiri. Bungwe limene likukuonetsani ana aang'ono atanyamula mathireyi a malonda n'kumati likuwaphunzitsa bizinesi, lithaweni. Akuluakulu a zaka 18 kupita m'tsogolo ndiwo a geni, ndipo mabungwe ngati MES ku Hillbrow amagwira ndi anthu a msinkhu umenewu.

Musanatulutse randi yanu, funsani nambala ziwiri. Ya NPO, yolembetsera mabungwe osapanga phindu, imachokera ku dipatimenti ya Social Development, ndipo imangotsimikiza kuti bungwe linalembetsa. Yolola kupereka lisiti la 18A imachokera ku SARS. Anthu ambiri amapereka ataona yoyamba yokha, nthawi yolemba za msonkho n'kupeza kuti alibe chokaonetsa. Mukafuna kukaphunzitsa nokha pamene pali ana osakwana zaka 18, bungwe labwino lidzakupemphani chikalata cha kupolisi ndi Form 30, yofufuzira dzina lanu m'kaundula woteteza ana. Likakulowetsani popanda kufunsa zimenezi, dziwani kuti ndi mmenenso limalowetsera wina aliyense.

Za mphindi 67 za pa 18 July, tsiku la Mandela, sitikuzinyoza, mabulangete amafunikadi m'chisanu. Koma mnyamata wa nthochi uja akufunika munthu woti azimuonera kaundula Loweruka lililonse kwa miyezi 6, makamaka sabata imene wabwera chimanjamanja atamulanda zonse. Ngati mungakwanitse Loweruka limodzi pa mwezi, nenani limodzi, ndipo muzifika.

Pomaliza funsani bungwelo mafunso awiri. Mwa amene munawaphunzitsa chaka chatha, ndi angati akugulitsabe lero, ndipo ndingakawaone ali pa malo awo? Nanga mnyamata wochokera ku Malawi, ku Mozambique kapena ku Zimbabwe amene alibe mapepala akagogoda, mumatani naye? Ena adzakuuzani kuti amamudyetsa koma sangamulembe pa maphunziro. Ena amagwira ndi maloya kapena ofesi ya kazembe kuti apeze chikalata choyendera, ndipo kwa anyamata ena thandizo lenileni limakhala tikiti ya basi ndi mpamba wokayambira geni ku Limbe kapena ku Mangochi, kumene sadzathawa wapolisi chifukwa cha pasipoti.