Makalata a nthabwala a Dürer ochokera ku Venice

Zikomo nonse, kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Lero tikambe za Albrecht Dürer, katswiri wojambula zithunzi wa ku Nuremberg ku Germany, anabadwa 1471 nkumwalira 1528. Koma tiyang'ana makalata ake, zithunzizo tizikhudza pang'ono chabe.

Chaka cha 1506 mkuluyu anali ku Venice ku Italy, ndalama za ulendo anachita kukongola kwa mnzake Willibald Pirckheimer, mpondamatiki wophunzira Chigiriki ndi Chilatini komanso khansala wa mzinda wa Nuremberg. Makalata 10 amene anamulembera alipo mpaka lero, ndipo mukawawerenga simungati uyu ndi wangongole akulembera mwini ndalama ayi, zimangokhala ngati munthu ndi msuweni wake, kunyozana basi.

Pirckheimer ankamutuma ngati mwana, gula mphete za miyala yodula, gula makapeti, funafuna mabuku a Chigiriki, ngakhale nthenga za mbalame zokongoletsera chipewa, Dürer nkumangodandaula kuti wazungulira mashopu onse ndipo ogulitsawo ndi akamberembere. Kenako amabwezera. Pirckheimer anali wamasiye koma wokonda akazi kwabasi, ndiye Dürer m'malo molemba maina a zibwenzizo anajambula duwa, burashi ndi kagalu kothamanga, mwiniwake azindikire yekha kuti akunena ndani. Pena ankasakaniza dala Chitaliyana chothyokathyoka ndi Chilatini pomuseka. Pena nkulemba kuti chikhoti changa cha ku France chikukupatsa moni, inde chikhoti, ndiye kudzitama kumeneko kuti pano akutchena.

Ine yomwe imandiseketsa ndi ya kuvina. Anapita kusukulu yovina kawiri kokha, mphunzitsi nkumudula dukati imodzi, ndalama yagolide imeneyo, basi analumbira kuti sadzapondakonso.

Koma pansi pa nthabwalazo panali nkhani yeniyeni. Ojambula a ku Venice ankamuchitira kaduka, ankati amangodziwa zogoba za mzere wakuda, utoto sautha, mpaka anzake anamuchenjeza kuti asamadye nawo kapena kumwa nawo. Amene anamuyamikira pagulu ndi gogo Giovanni Bellini, wojambula wotchuka wa ku Venice komweko. Amalonda a Chijeremani anamupatsa ntchito ya chithunzi cha Phwando la Korona cha mu tchalitchi cha San Bartolomeo, ndipo atachimaliza mu Seputembala, mfumu ya mzinda yomwe, Doge, anabwera kudzachiona. M'kalata yake Dürer anati wawatseka pakamwa onse aja, nkujambulamo kankhope komwetulira, zomwe ana athu amatumizirana pa WhatsApp zija.

Nthawi yobwerera itayandikira analemba kuti adzalilira dzuwa limeneli, poti kuno ndine bwana, kwathu ndine wodyera m'mbale za ena. Taganizani, akuuza munthu yemwe wamukongoza ndalama! Anafika kwawo 1507, chithunzi chija anadzachigula Rudolf II, mfumu yaikulu ya Ufumu Woyera wa Roma, mu 1606, ndipo pano chili ku Prague. Amene ali ndi funso akweze dzanja.