Moto ukamayaka, mpweya uzilowa

Zikomo, zikomo, tiyeni tikhale pansi tiyambepo. Azimayi, azibambo, agogo athu muli apowo, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko senderani kuno chifukwa ine sindikuwa, mawu anga ndi omwewa.

Nonse mwamva zimene zachitika sabata yathayi, banja lake sinditchula mukulidziwa. Kunazizira usiku, anasonkhezera nkhuni mu mbaula, anatseka chitseko, anatseka mawindo, mpaka kampata ka pansi pa chitseko kaja anatsekapo ndi chiguduli kuti mphepo isalowe, nkugona. Mmawa aneba ndi amene anadabwa kuti dzuwa lakwera koma pakhomo pali ziii, kugogoda osayankha. Anawapeza onse ali lefuu, mwana wasanza, bambo akulephera kuimirira. Mwayi wake onse ali moyo. Nde ndamva anthu akuyankhula zambiri, ena akuti anadya zoipa, ena akuti kaya chani kaya chani, ayi abale, chinawagwetsa ndi mpweya wochokera mu mbaula, ndipo mbaula yake siyosiyana ndi imene ili kwanuyo.

Mpweya umenewu amautcha kaboni monokisaidi. Umapangika nkhuni kapena makala zikamapsa popanda mpweya wokwanira, kuja moto ukumangonyeka osayaka bwino. Kuipa kwake sununkha, suoneka, suyabwa mmaso. Utsi uja bola, umakutsokomoletsa, misozi mbwembwembwe, umathawa wekha. Uwu ayi. Ukalowa mmapapo umakagwira magazi pamalo pamene pamayenera kukhala okosijeni, mpweya wabwino uja umene thupi limafuna, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeniyo ka 200 nkupitirira. Nde magazi akuyenda bwinobwino mthupi koma ubongo ndi mtima sizikulandira kanthu. Umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, mawondo kufooka, tulo tosadziwika bwino, kenako mutu kusokonekera, umafuna kudzuka koma thupi likukana. Ngati wakupeza uli mtulo palibe chokudzutsa.

Ndiye chimene ndabwerera pano ndi ichi, zina zonse mukaiwala ichi chokha musaiwale, moto ukamayaka mnyumba mpweya uzilowa. Osagona ndi moto mnyumba yotseka. Mwamva eti? Osagona ndi moto mnyumba yotseka.

Ndipo pali kabodza kena timanamizana, akuti malawi akatha, utsi ukatha, kwatsala makala ofiira okhaokha ndiye kuti zili bwino titha kutseka. Makala ofiira aja akutulutsabe mpweya womwewu, mwakachetechete, usiku wonse. Kupanda utsi sikutanthauza kanthu.

Mungadziwe bwanji kuti si chimfine kapena matenda ena? Onani ngati nyumba yonse yadwala mutu nthawi imodzi, ndipo mukatuluka panja kwa kanthawi mukupezako bwino, mukalowanso wayambiranso. Matenda wamba sachita choncho. Oyamba kugwa amakhala ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene ali ndi vuto la mtima. Mukaona zimenezi tsegulani zonse, tulutsani anthu panja, thamangani nawo kuchipatala akapatsidwe okosijeni, olo munthu anene kuti aaa ndili bwino tsopano, apitebe. Wokomoka musamumwetse kanthu, atsamwa, mugonekeni chammbali.

Tsopano nkhuni. Apa ndiye ndikudzudzulani pang'ono, musakwiye. Ambiri a ife mtengo tadula lero, mawa uli pamoto. Nkhuni yaiwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndiye moto uja mmalo motenthetsa poto kapena nyumba, mphamvu yake ikuthera kuwiritsa madzi a mkati mwa nkhuni, mwaonapo kuja kumapeto kwa chikuni kukutuluka thovu kukulira tsiii. Inu muli pamenepo kupemerera, kukupiza, maso ali psuu, nkumati mbaulayi ndi yachabe. Mbaula yalakwa chani? Nkhuni yabwino madzi ake asapose 20 pa 100 aliwonse, ndipo simufunika makina kuti mudziwe, imapepuka, kumapeto imakhala ndi ming'alu, mukagundanitsa ziwiri zimalira kho kho momveka, pamene zaziwisi zimangoti phu. Muziwaze kaye chifukwa chipika chathunthu sichiuma msanga, muzisanje pamwamba osati padothi, muvundikire pamwamba pokha mmbali musiye mphepo izidutsa. Miyezi 6 mpaka chaka, mitengo yolimba ija imafuna kuposa pamenepo. Ndikudziwa wina akuti ndani angadikire chaka, chabwino, koma yambani lero kuika pambali za mtsogolo, osamangoti zatha tikadule.

Utsi wa nkhuni zaziwisi musautenge ngati kanthu kozolowereka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa mnyumba, mwa iwo ana osakwana zaka 5 oposa 237,000, ambiri ndi chibayo. Mwana amene mwamukhazika pambali panu mukamasonkha moto akupuma utsi womwewo ndi timapapo take tating'ono.

(Mayi wina akweza dzanja: Pepani ndikuduleni, ife mbaula yathu ili ndi chumuni, utsi wonse umatulukira kunja, ndiye ife vuto lingakhale pati? Komanso kuzizira kumeneku titsegule zenera, nanga tayatsiranji moto?)

Eya mayi, zikomo, funso limeneli ndimalidikira, chifukwa amene ali ndi chumuni ndi amene amagona mtima uli mmalo. Mbaula imapuma ngati munthu, kuti itulutse iyenera kukoka kaye. Utsi wotentha ndi wopepuka, umakwera mchumuni, ndipo ukamakwera umakoka mpweya wa mchipinda kulowa mu mbaula. Tsono mpweya wa mchipindawo ukachoka, wina ulowe kuchokera kuti ngati mwatseka paliponse? Chumuni imafooka, imasiya kukoka, nthawi zina mpweya wozizira umatsika mchumuni momwemo nkukankhira zonse mnyumba. Moto ukamazilala cha mbandakucha chumuni yazizira, ndi nthawi yeniyeni imene zimenezi zimachitika, inu muli mtulo tofa nato.

Ndiye sindikunena kuti mutsegule zenera lonse mphepo izikuombani, ayi, kampata chabe, koma kazikhala kotsegula nthawi zonse moto ukakhalapo. Kutentha kumene mutaye pakampata kameneko nkochepa. Fundani bulangete lina.

Chachiwiri, mayi, chumuni yanuyo munayang'anamo liti? Musayankhe, ndaona kale nkhope. (kuseka) Utsi ukamadutsa mupaipi yozizira umasiya mwaye ndi phula lakuda lomata, makamaka utsi wa nkhuni zaziwisi ndi wa moto wonyeka. Limaunjikana pang'onopang'ono, njira imachepa, utsi umayamba kubwerera mukatsegula kachitseko ka mbaula. Ndipo phula limeneli limayaka. Tsiku lina mwasonkha moto waukulu, mungomva chumuni ikulira huuu, paipi yafiira, kumwamba kukutuluka malawi ndi zothetheka, kutentha kwake kumatha kupitirira madigiri 1000, ndipo pamene paipi yadutsa padenga pali matabwa, nyumba imayambira pamenepo kupsa.

Ndinapita kwa bambo ena, anthu aulemu wawo, mbaula yokongola yopukutidwa bwino, akudandaula kuti masiku ano ikufuka kwambiri mwina anawagulitsa yachinyengo. Tinakwera pamwamba kuchotsa kachipewa ka chumuni, mbalame zinamanga chisa mmenemo kalekale, udzu thoo, pansi pake mwaye wouma gwa, kanjira kotsala koti chala chimodzi. Anangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezo ankapukuta kunja kokha.

Nde chumuni itsukidwe kamodzi pachaka, kuchepetsa kumeneko, nyengo yozizira isanayambe. Ngati mumayatsa tsiku ndi tsiku muziyang'anamo pafupipafupi, unikani ndi tochi, palani pang'ono ndi kachitsulo, mukaona kuti mwaye wafika mamilimita 3 kukhuthala kwake musadikire chaka. Burashi ya waya yomangirira ku ndodo yaitali imagwira ntchito, moto utazima mbaula itazizira, ndipo polumikizira mapaipi muone ngati sipanachite dzimbiri kapena kulekana. Mukaona mizere yakuda pakhoma pafupi ndi polumikizira, pamenepo pakutuluka utsi.

Pali chinanso chimene a chumuni mumakonda, kudzaza zikuni usiku nkutseka kolowera mpweya konse kuti moto ugone mpaka mmawa musavutike kukoleza. Ndikumvetsa, kukoleza moto mmawa kukuzizira nkotopetsa. Koma moto wobanika umenewo ndi umene umapanga zonse ziwiri, mpweya wakupha uja ndi phula la mchumuni. Bola moto waung'ono wowala bwino kusiyana ndi chimoto chachikulu chongonyeka. Uyake, uthe, muone kuti wazima, kenako mukagone. Ndabwerezanso mayi, chumuni ikhalepo isakhalepo, osagona ndi moto mnyumba yotseka. Ndakuyankhani? Chabwino.

Achinyamata kumbuyoko, izi ndi zanu. Petulo pamoto ayi. Parafini kuthira pamakala amene akuoneka ngati azima ayi, nthunzi yake imayaka kamodzi nkamodzi, lawi limatsata mpaka mubotolo muli mmanja mwanumo, anthu apsa nkhope chifukwa cha changu cha mphindi ziwiri. Mapepala a pulasitiki, zidutswa za matayala, nsapato zakutha, matabwa opaka penti, matabwa obiriwira aja onyikidwa mmankhwala a chiswe, zonsezi si nkhuni. Ena mwa matabwa amenewo muli poizoni wa aseniki, amatuluka mu utsi ndipo amatsalira mphulusa. Ndimaona anthu akuyatsira pulasitiki chifukwa imagwira msanga, inde imagwira msanga, koma fungo lija mukulimva likulowa mwa ana anu.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana mafoni, ena akuyasamula, ndithamange tsopano.

Pokoleza yesani kuika zikuni zazikulu pansi, zapakati pamwamba pake, tinkhuni touma ndi choyatsira pamwamba penipeni, muyatse kumwambako moto uzitsika, utsi umachepa kwambiri, kolowera mpweya kakhale kotsegula konse mpaka moto utagwira. Osadzaza mbaula mpaka pakamwa, nkhuni zimafuna mpata pakati pake. Tulukani muyang'ane chumuni, moto ukagwira bwino utsi umakhala wochepa pafupifupi osaoneka, ukakhala wambiri wakuda kapena wotuwa ndiye kuti nkhuni nzonyowa kapena mpweya ukuchepa.

Phulusa muzichotsa lisatseke mabowo a mpweya, koma phulusa limabisa moto masiku angapo, nde osathira mukatoni, osathira muthumba kapena mubeseni la pulasitiki, ndowa yachitsulo yokhala ndi chivundikiro, panja, kutali ndi khoma ndi udzu. Osaisiya mnyumba ndowayo, makala a mmenemo akutulutsabe mpweya uja.

Mbaula yadongo kapena ya njerwa ikachita ming'alu matani msanga isanakule, yachitsulo onani chitseko ngati chikutsekeka bwino ndi kachingwe kotseka mpata kammbali mwa chitsekocho ngati sikanathe. Pansi pa mbaula pakhale simenti, njerwa kapena lata, osati matabwa kapena mkeka. Makatani, mipando, nkhuni zosungira, zikhale pafupifupi mita imodzi kutali, ndipo zoyanika zovala pamwamba pa mbaula nkuchokapo zija tisiye, yunifolomu ya mwana idzauma mawa. Ana okwawa atchingireni, chitsulo chimaotcha olo moto utazima kale. Amene mungakwanitse, kuli timaalamu tolira tikamva kaboni monokisaidi, muike pafupi ndi kogona, batire muziliyesa.

Chumuni ikagwira moto tsekani kolowera mpweya, tulutsani aliyense, itanani thandizo ndi ozimitsa moto, osakhuthulira ndowa ya madzi mu mbaula yachitsulo yotentha, imatha kusweka ndipo nthunzi yake ikuotchani. Wina akapsa, madzi ozizira oyera kuthira pabalapo mphindi 20, osati ayezi, osapaka mafuta, osapaka mankhwala otsukira mano, matuza osaboola, chovala chikamatirira pabala osachikoka. Bala likakhala lalikulu, kapena lili kumaso, mmanja, kapena ndi mwana, kuchipatala.

Usiku uno kuzizirabe, ndiye zigudulizo muchotse pansi pa zitseko, moto uzime musanagone. Amene muli ndi makwerero ndi burashi tsalani pang'ono tigawane nyumba, achinyamata inu musathawe, tiyambira kwa agogo amene sangakwere padenga okha.