Benedict Daswa ndi marandi 5 amene anakana kusonkha

Mwaswera bwanji amayi ndi abambo? Muli pakhomopo lowani ndithu, chiperonichi chingakunyowetseni. Agogo apatseni mpandowo.

Tikamva za oyera, ambirife timaganiza za zithunzi zapachikidwa m'tchalitchi muja, anthu akalekale a kutali. Lero pa Mphakati pano ndabwera ndi munthu amene anaphedwa mu 1990, enafe tili kale ndi ana kumsana. Dzina lake Benedict Daswa, wa ku Venda m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, njira yomwe ana athu amadutsa akamapita ku Joni.

Anabadwa mu 1946, nabatizidwa mu 1963 ali mnyamata. Anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale ya Nweli, katekisiti, ndiponso bambo wa ana 8. Abambo mundimve apa. Munthuyu ankachapa matewera, ankathandiza akazi ake ntchito zapakhomo anthu akuona, mwina ena akumuseka kuti wadyetsedwa. Iye osasiya.

Mu Januwale 1990 mphenzi inatentha nyumba m'mudzi mwawo, ku Mbahe. Akuluakulu anagwirizana kuti pali amene akuitumiza, ndiye aliyense asonkhe marandi 5 akapatse sing'anga kuti aloze mfitiyo. Marandi 5 okha, ndalama yoti mphunzitsi wamkulu sakanaimva n'komwe kuti yachoka m'thumba. Iye anakana. Anati mphenzi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kupereka ndalama yokasakira munthu. Ankadziwa kuti sing'anga akangoloza chala, nkhalamba ina yosalakwa iphedwa.

Pa 2 Febuluwale, madzulo, akubwerera kwawo pa galimoto, anapeza msewu watsekedwa ndi mitengo. Atatsika kuti achotse, miyala inayamba kumugwera. Anathawira m'nyumba ya mayi wina, koma anthu aja anaopseza mayiyo, mpaka iye anatuluka. Anapemphera, iwo n'kumumenya ndi chibonga m'mutu. Mpingo unamutchula Wodala pa 13 Sepitembala 2015, ndipo timamukumbukira pa 1 Febuluwale. Wodala ndiye kuti watsala sitepe imodzi kuti atchedwe Woyera.

Nkhani imeneyi imandilasa mtima chifukwa cha 2017. Mukukumbukira za anamapopa kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo. Tinkagona panja, misewu tinatseka ndi miyala, galimoto yachilendo ikangotulukira mluzu unkalira. Anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera. Ineyo, amene ndikuyankhula pano, anyamata atabwera kudzatolera ndalama ya mabatire a matochi, ndinapereka. Mumtima ndinkadziwa kuti wopopa magazi sindinamuonepo, koma ndinaopa kuti ndikakana anena kuti ndili nawo limodzi. Lamulungu lake ndinapita ku Misa, korona m'khosi. Zinanditengera nthawi kuti ndikazinene kwa bambo mfumu mu kulapa.

Mantha amenewo Daswa anawadziwanso. Anali ndi mkazi woyembekezera, ana aang'ono, ndiponso anthu omwe ankamukakamizawo anali anansi ake. Mutu umodzi susenza denga, timatero, ndipo n'zoona. Koma gulu likanyamuka kukagwetsa denga la mayi wamasiye, Mkhristu amachotsapo mutu wake.

Dzinja likubwerali mphenzi igwanso, phiri lathuli mukulidziwa. Mwana adwala malungo, ndipo wina anong'ona kuti ndi agogo aja a kuseri kwa tiyi. Tigwirizane lero lomwe, a tcheyamani mulembe: zikatero mwanayo tithamange naye kuchipatala, ndipo awiri a Mphakati uno akagone kunyumba kwa agogowo mpaka mudzi uzizire. Amene angadzipereke aimike dzanja. Mayi a kwaya, ndakuonani. Bambo inu kumbuyoko, dzanjalo mwaimika kapena mukukanda mutu? Chabwino, alembeni onse awiri.